Ngamila Sankamwa Madzi

Kumalo ochapira zovala komwe ndimagwira ntchito kunali mayi wina amene tinkamutchula kuti Ngamila. Ankasita tsiku lonse m'kachipinda kopanda zenera, thukuta lili kamukamu, koma madzi osalawa ngakhale dontho. Ife tikugugudiza makapu, iye ankangonyambita milomo. "Iwe, kodi uli ndi thanki kumsanako?" tinkamuseka, nayenso n'kumaseka nafe.

Tsiku lina anagwa, simbi ili m'manja, atagwira m'chiuno. Kuchipatala adokotala sanapite m'mbali. Impso imodzi inali itafa kale ndi timiyala. "Mayi, yotsalayi ikufuna madzi. Muzimwa, apo ayi tikutayani."

Nkhani yake anandiuza ali pabedi pomwepo. Mayi ake atamwalira, iye akadali wamng'ono, anatengedwa ndi azakhali ake, ndipo anayamba kukodza pogona. Mankhwala a azakhaliwo anali akuti dzuwa likangopendeka, madzi ayi. Kapu ankaiika pamwamba pa kabati. Akanyowetsabe, ankamusenzetsa bulangete lonyowalo n'kumuimika pageti kuti ana opita kusukulu amuone. Atamupeza akumwa mobisa pampopi wa kubafa, anamukankhira mutu pampopipo mpaka dzino kuthyoka. Kukodzako kunathadi, ludzu nalonso linatha. Ine kumva zimenezi mtima unandiwira, ndipo mpaka lero sunazizire.

Ndinkamunyengerera ngati khanda. Akagwira kapu, maso ankakhala ali kuchitseko. Mayi wa imvi zake, wa ana akuluakulu! Koma pang'onopang'ono anayamba kumeza. Masana ena anamaliza botolo lonse, anamwino mpaka kumuombera m'manja, kenaka anagona tulo tabwino.

Azakhali aja anatulukira masana omwewo, akudzikoka ndi ndodo. "Ndinamulera ndine ameneyu," anauza wodi yonse. Pokhala pansi anatsamira dzanja pabedi, n'kulichotsa msangamsanga. Analinunkhiza.

"Aa! Wayambiranso? Ukulu wonsewu?"

Odwala onse anatembenuka. Ngamila anadzidzimuka, n'kudzikunga ngati mwana woyembekezera kumenyedwa khofi. Azakhaliwo anatenga kapu ija n'kuikankhira pamwamba pa kabati ya mankhwala, osaganiza n'komwe, dzanja linkadziwa lokha njira.

"Amayi, mulibe manyazi?" ndinakalipa. Ndinaitsitsa kapuyo, kuidzaza, n'kuifikitsa pakamwa pa Ngamila. "Imwa, mnzanga. Chonde imwa."

Anatseka milomo kuti gwa. Sanandiyang'ane ine ayi, ankayang'ana ndodo ija.

"Ndilibe ludzu, azakhali," anatero ndi kamawu ka mwana.

Sanamwenso. Anamwino anayesa madiripu, ana ake anagwada n'kulira, koma impso ija inali itatopa. Pamaliro, amene analira kuposa tonse anali azakhali, akuuza aliyense wowapepesa kuti mwanayo anali wosamva kuyambira kale: adokotala amuuza kuti azimwa madzi, iye osamwa.