Chulu Chogwira Foni

Foni yanga yoyamba inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa sukulu imene ndinkaphunzitsa, cha ku Mavwere. Ndikangoweruka ndinkakwera pamenepo, manja ali mbuu ndi choko, n'kuimika foniyo m'mwamba mpaka mkono kuwawa.

Amuna anga anali ku Joni. Miyezi yoyamba ankaimba Lamlungu lililonse, kenako kunangoti zii. Ine ndinkawaflasha tsiku ndi tsiku, kuliza kamodzi n'kudula, kuti adziwe kuti ndilipo. Kwathu ndi ku Mulanje. Kuno ndinabwera chifukwa cha ntchito, ndipo munthu womudandaulira ndinalibe.

Chaka chimenecho wansembe wina wa ku Ludzi anatipatsa katoni ya magazini akale. Mu imodzi mwa magaziniwo ndinawerenga zoti kunja kuli akatswiri amene anamanga madishi aakulu kuposa bwalo la mpira, n'kuwalozetsa kumwamba. Ankamvetsera ngati kuli zamoyo zina zoganiza ngati ife m'maiko akutali, ku nyenyezi. Zaka zinali zitadutsa, osamva kanthu, koma m'mawa uliwonse ankapitabe kuntchito.

Nkhaniyi inandilowa mumtima. Ndinaiphunzitsa mpaka m'kalasi, ngakhale m'buku munalibemo. Chimene chinandikomera kwambiri ndi zifukwa zimene akatswiriwo ankapereka. Ankati mwina uthenga uli m'njira, mtunda ndiye wautali. Mwina makina a kumeneko ndi osiyana ndi athu. Mwinanso tikumvetsera mbali yolakwika. Zonsezi ndinazitola n'kuwaveka amuna anga, ndipo zinawakwana bwinobwino.

Pachulupo ndinkakumana ndi mayi wina wogula mtedza m'midzi, amene ankakaugulitsa kutsidya kwa malire. Anali wolongolola, ndipo ankandiseka kuti chulucho ndidzachisalaza ndi mapazi. Tsiku lina, pofuna kumuonetsa kuti kudikira si uchitsiru, ndinamufotokozera za madishi aja. Anamvetsera akutafuna mtedza.

"Aphunzitsi," anatero, "nanga ngati anthu akumwambawo akumva ndithu, koma alibe nanu mawu?"

Ndinapsa mtima. Ndinamuyankha kuti za sayansi azisiyira odziwa, ndipo m'mutu ndinaonjezera zina zosayenera kuzilemba pano. Iye sanakhumudwe. Anangomasula mfundo ya chitenje chake, n'kutulutsa foni ya nambala ya ku Zambia, n'kundiuza kuti ndiwaflashe amuna angawo ndi imeneyo.

Ndinkatha kukana, koma ndinkafuna kumuchititsa manyazi. Nambala ndinkaidziwa pamtima. Ndinaliza kamodzi n'kudula.

Ndisanamubwezere n'komwe, foni inalira m'manja mwanga. Anali iwo. Mawu awo anali omwe aja, a munthu wathanzi, ndipo kumbuyo kunkamveka wailesi ndi mbale zikutsukidwa.

"Halo? Ndani kodi?"

Ndinayang'ana minda ya fodya mpaka kumene maso analekezera. Miyezi yonse ija ndinkaopa kuti adwala, kapena amangidwa, kapena afa. Anafunsanso kachiwiri, mwaulemu ndithu, monga amachitira ndi alendo.

Ndinadula. Mayi uja ananditapira mtedza m'manja, ndipo tinatsika.

Akatswiri aja ndimamva kuti akumvetserabe mpaka lero. Kale ndinkawamvera chisoni. Masiku ano ndimawasirira, chifukwa iwo sanayankhidwe.