Madiresi Aonekere, Pakhomo Pabisike

Rukiya anatsika basi ku Cuamba diso lili lotupa, mwana ali kumbuyo, m'manja muli mutu wa makina osokera wokulungidwa m'nsalu ya kapulana. Ku Mandimba anasiya mwamuna wake amene analumbira kuti akadzamupeza adzam'maliza.

Miyezi yoyamba ankasokera pakhonde la eni ake, kuika zigamba pamathalauza a anthu a njinga. Koma dzanja lake linali laluso. Posakhalitsa akwati a ku Etatara anayamba kumufunafuna, kenako amalonda obwera pasitima kuchokera ku Nampula.

Tsiku lina anapita kwa mayi Olinda, mwini kashopu ka makompyuta, kuti amutsegulire webusaiti. Olinda anamufotokozera kuti polembetsa dzina la webusaiti amafuna dzina la mwini wake, foni ndi kumene amakhala.

"Njira ndi ziwiri, mayi. Mungathe kuzisiya poyera kuti aliyense wofufuza aziona, ndipo amalonda akuluakulu amakhulupirira munthu wosabisala. Apo ayi, kampani yolembetsayo izisunge mseri."

Amalondawo Rukiya ankawafuna ndithu, ndipo anali atatopa kubisala ngati mbava pomwe wolakwa sanali iye. Anayang'ana mwana wake akukwawa pansi pa tebulo.

"Madiresi aonekere," anatero. "Pakhomo panga pabisike."

Zinam'pweteka. Wamalonda wina wa ku Lichinga anabwerera, ati sangachite malonda ndi mzukwa. Rukiya analira, koma m'mawa mwake anakhalanso pamakina. Aliyense wolemba uthenga pawebusaitipo ankamuyankha tsiku lomwelo, katundu n'kufika pa tsiku lolonjezedwa. Ogula anayamba kuuzana okha.

Chaka chachitatu mwamuna uja anamva mphekesera za webusaitiyo. Anafika ku Cuamba, nalowa m'kashopu ka Olinda kuti amufufuzire mwini wake, osadziwa kuti awiriwo amadziwana. Olinda anamutembenuzira kompyuta. Sipanali dzina la Rukiya, foni kapena msewu.

"Pano pakuoneka madiresi okha, bambo. Mukufuna saizi yanji?"

Mwamunayo anakwera basi ya masana.

Lero Rukiya ali ndi makina asanu ndi awiri, ndipo amayi amene amasoka naye amawaphunzitsa yekha, kuyambira kulowetsa ulusi m'singano.

Inu amene mwayambira pakhonde la eni ake, muli ndi mantha, dziwani kuti kudziteteza si kugonja. Musataye mtima, mawa m'mawa khalaninso pamakina.