Misomali ya pa denga la a Nampinga

Mboni zanga ndi zitatu. Yoyamba ndi mayi anga, amene anatisiya kale. Yachiwiri ndi mlongo wanga Esinati, amene masiku ano amakana zoti tinakhalako ku Bangwe. Yachitatu ndi beseni lobiriwira, lomwe likadalipo, mukhoza kudzalifunsa.

Ndinali ndi zaka khumi. Tinkachita lendi nyumba ya a Nampinga, ya zipinda ziwiri, denga lake lobookabooka ngati sefa. Mvula ikamayamba kunja, kwathu inkakhala itagwa kale. Ikakata kunja, kwathu inkapitiriza mpaka mawa. Ndikulumbira, tsiku lina achule analowa, n'kuyang'anayang'ana, n'kutuluka kukausa mvula panja.

Bambo anapita kukadandaula, ine ndili pambuyo.

"Lamulo langa ndi limodzi," anatero a Nampinga. "Chakunja n'changa, cham'kati n'chanu. Madziwo akudonthera kuti?"

"M'kati."

"Ndiye mwadzatani kuno, achimwene?"

Matiresi anayamba kununkha chuku, mayi chifuwa osatha. Bambo atapitanso kachisanu, a Nampinga anati tikonze tokha, adzatibwezera mwezi ukatha. Bambo anagula malata atatu akale, koma ya misomali inawaperewera. Ine ndinali ndi nkhunda zisanu ndi imodzi, zimene ndinkaziwerenga m'mawa uliwonse ndisanasukusule. Ndinazigulitsa zonse makwacha makumi atatu. A Nampinga atamva anandisisita m'mutu.

"Iwe mphwanga, yako ndiye ndidzayamba nayo."

Denga linakhomedwa. Mayi anapaka makoma laimu, chifuwa chija n'kuyamba kuchepa. Mvula inkalira pamalata ife tili gone, beseni lili pa ulova. Tinakhala mouma masabata atatu.

Sabata yachinayi a Nampinga anabwera. Anaima pamsewu, manja kumbuyo, kuisirira nyumba yawo.

"Nyumba yokongola chonchi, lendi yake ingakhale imene mumapereka ija? Anthu angandiseke."

Lendi anaiwirikiza kawiri. Za kubweza zija anati tidikire wolowa watsopano alipire kaye. Tinasamuka pangolo, kupita kunyumba ina cha kumtunda, imene inkadontha mpaka mu Okutobala. Bambo anayang'ana denga, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Katenge beseni." Sanakwerenso padenga la munthu mpaka imfa yawo.

Lero ndili ndi imvi, ndikuchitabe lendi ku Machinjiri. Ndinamvetsa kuti nyumba ya lendi ukaisiya imakugwera, ukaikonza imakutulutsa. Akazi anga akati, "Bambo a Chisomo, pakona apa pakudontha," ine ndimadzuka mwaulemu n'kukatenga mboni yachitatu ija.

Chaka chatha a Nampinga anamwalira. Ndinapita kumaliro, kukwera minibasi ziwiri. Kumanda wolengeza anati ngati alipo amene malemu anali naye ngongole, akaonane ndi akubanja. Anthu onse anaweramitsa mitu. Ine ndinakweza dzanja.

Mwana wawo wamkulu, amene tsopano ndiye mwini nyumba zawo zonse za lendi, ananditengera kuseri kwa mtengo wa mango nkhope ili gwa, poganiza kuti nditchula mamiliyoni.

"Ndi zingati, bambo?"

"Makwacha makumi atatu. Za misomali."

Anapisa m'thumba, n'kutulutsa kapepala ka makumi awiri kong'ambika pakona ndi kachitsulo kamodzi. Ndinawerenga kawiri, zinali zokwana. Pobwerera ndinaima pa hadiweya, n'kupempha msomali umodzi wokhomera malata. Wogulitsayo anayang'ana m'dzanja langa, nati ndiwonjezere.