Waya amene ndinatchera alamu anga

Ndikamafotokoza nkhaniyi ena amati ndikuthira mchere, koma ndikulumbira pali manda a mayi anga, palibe chimene ndawonjezapo. Zinachitika ndili pachikamwini cha ku Namitambo, nthawi imene dziko lonse linkamvera wailesi imodzi, ndipo ine ndinkadyera kukonza mawailesi m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya kuchikazi, poti magetsi anali mokhamo.

M'kachipindamo ndinkasunga nsomba zisanu ndi imodzi zamawangamawanga m'thanki yagalasi, zimene bwana wina wa ku Limbe anandisiyira posamuka. Chiperoni cha kwathu kuno mukuchidziwa, nsomba zotere sizipirira kuzizira, moti ziwiri zinafa chaka choyamba. Ndiye ndinati ndipange kamakina kanga. Chotenthetsera ndinachotsa m'ketulo yakutha, mnzanga wa ku Joni ananditumizira kachipu, kaubongo kamagetsi kophunzitsidwa kale kuyatsa ndi kuzimitsa, komanso kamutu komva kutentha, kamene ndinakakulunga ndi tepi yakuda n'kukaviika m'madzimo. Madzi akazizira kachipu kankayatsa, akafunda kankazimitsa. Miyezi inayi ndikuwotcherera mawaya, zala zonse matuza, ndipo tsiku limene kanazimitsa kokha ndinavina ndekhandekha ngati wamisala.

Tsono panali alamu anga, achimwene a mkazi wanga, eni mbumba, munthu wamwano amene sindinamuonenso wina. Ankanena poyera kuti mkamwini ndi tambala wobwereka, ndiponso kuti mwamuna woweta nsomba zimene sadya ali ndi zake zimene akubisa. Loweruka lina ndili ku Limbe kogula zipangizo, analowa m'kachipindamo, n'kuona kanthu kakuda kaja m'madzi. Akuti chithumwa! Anakavuula n'kukapachika pamsomali. Nanga kamutuko kakanadziwa bwanji kuti katuluka? Kankangomva mphepo yozizira, kachipu n'kumayatsabe tsiku lonse. Pofika ine madzi akutuluka nthunzi, nsomba zanga zonse zili chagada, zitayera. Alamuwo anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kuuza mkazi wanga kuti angothiramo tomato ndi mchere.

Ndisakunamizeni, ndinawada munthu uja ndi mtima wanga wonse. Atalengeza kuti Lolemba abwera kudzatenga thankiyo kuti aziikamo mandasi m'sitolo, ndinadziwa chochita. Lolembalo m'mawa ndinachotsa kamakina, ndinapala waya wa chotenthetsera ndi mpeni mpaka mkuwa kuoneka, ndinamubweza m'madzi n'kulumikiza kukhoma, pansi n'kuwazapo madzi. Ndinkadziwa kuti asanakhuthule adzapisa dzanja kuti achotse miyala. Ndinakakhala panja pafupi ndi zenera, mtima uli myaa. Ndinkadziuza kuti ndingofuna agwedezeke pang'ono, koma zoona zake n'zakuti akanafa sindikanalira.

Amene analowa ndi apongozi anga aakazi, opanda nsapato, ndowa kumanja. Anamva kuti sindikudya chifukwa cha nsomba, ndiye anati andithandize kutsuka thankiyo. Achinyamata a lero simungamvetse: zaka zisanu ndi ziwiri pamudzipo ndinali ndisanawayang'anepo kumaso, tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, mawu alionse ankadzera kwa mkazi wanga. Ndinawaona pazenera akukweza mkono kuti apise m'madzimo. Apongozi umawakalipira bwanji? Mukhulupirire, ndinatembenuka kufuna mkazi wanga kuti akawaletse ndiye!

Kukuwa kumene ndinamva sikunali ngati kwa munthu. Ndinawapeza dzanja lili m'madzi, thupi lonse likunjenjemera, mano akugundana, maso ali tong'o pa ine. Ndi mantha ndinazula pulagi ya wailesi ya munthu m'malo mwa yoyenera, kenako ndinangokoka mawaya onse pamodzi. Anagwa pasimenti osapuma bwino. Ndinawanyamula ndi manja angawa, ulemu wonse n'kuiwala, n'kuthamangira nawo kuchipatala panjinga, mkazi wanga akuwagwirizira, ine ndikupempha Mulungu amene m'mawa womwewo sindinamukumbuke.

Anachira, koma zala ziwiri zinapindika mpaka imfa yawo. Alamu aja anayenda msika wonse kunena kuti chithumwa cha mkamwini chaluma mayi awo, ine n'kumangokonza mawailesi anga. Apongoziwo ankauza aliyense kuti analakwa okha pogwira zinthu za eni. Patapita sabata anatuma mkazi wanga kudzandiuza mawu awiri: kuti wayayo anamuona, anali wopala ndi mpeni, ndiponso kuti amene ndinamutcherayo, ngakhale ndi woipa pakamwa, anamubereka ndi iwo. Sananenenso kwa wina aliyense.

Alamu aja sindinawakhululukire, ndipo pamaliro awo ndinakumba nawo manda mtima uli wouma. Koma chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti magetsi sadziwa amene wakulakwira, ndipo woyamba kufika pamsampha amakhala amene amakufunira zabwino, chifukwa ndi amene amayandikira zinthu zako. Inu amisiri anzanga, mukapsa mtima tsekani chipinda mupite kudimba, musagwire waya. Ine ndinadya chakudya chophikidwa ndi dzanja lopindika lija zaka khumi ndi zitatu, ndipo palibe tsiku limene chinatsika bwino pakhosi.