Jombo Zimene Zinatsala Kumtsinje

Bambo ake a Mapazi anali osoka nsapato pakhonde la sitolo ya nsalu, mayi ake ankachapa zofunda kuchipatala. Iye anabereka ana awiri: wamkazi lero ndi namwino, wamwamuna amayendetsa basi. Onse ndi anthu olongosoka, ndipo amene amati banja limeneli lili ndi magazi amantha abwere adzanenere pamaso.

Popita kunkhondo anapatsidwa jombo zakutha kale. Bambo ake anazikhalira pansi, kuzisoka ndi ulusi wopaka phula, n'kukhomera soli yatsopano. Pomupatsa anati, "Izi ndakubwereka. Udzandibwezere uli momwemo."

Pankhondoyo gulu lawo linagonja. Akuluakulu anathawa pagalimoto, ana a eni n'kusiyidwa m'tchire. Adani ankayang'ana kumapazi: wovala jombo ankamuwombera osafunsa dzina. Iye anavula zake m'mbali mwa mtsinje, n'kuyenda mapazi ali pansi mpaka kwawo.

Anafikira pakhonde paja. Bambo ake sanadzuke pabenchi. Anayamba kuyang'ana kumapazi, monga amachitira osoka nsapato onse, n'kufunsa, "Nanga jombo zanga?"

Anthu a pakhondepo anaseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo anamutcha Mapazi.

Mapazi anapeza ntchito yonyamula matumba kudepoti, anakwatira, anayamba kupemphera. Akafika pakhomo la tchalitchi ankavula nsapato, ngakhale panalibe lamulo lotero.

"Bambo a ana, masokosi obooka awa mukuonetsa Mulungu?" ankanong'ona mkazi wake.

"Amawadziwa kale," ankayankha.

Mapazi ankati Mulungu anamupeza pamtsinje paja, ndipo pamalo oyera munthu saima atavala nsapato. Akanapambana, akanabwera ndi jombo zowala, mtima uli wachilombo. Anzake akale ankati akungodzitonthoza. Iye sankalimbana nawo.

Atakula anadwala shuga. Chilonda cha pachala chinakana kupola, madokotala n'kudula mwendo wamanja mmunsi mwa bondo. Mwana wake namwino uja ankalira pambali pa bedi.

"Pukuta misozi, mayi," anatero. "Mulungu anayamba ndi jombo, pano watenga mwendo. Akundivula pang'onopang'ono kuti ndikafike wopepuka."

Chinthu chimodzi chokha pemphero silinachipepuze. Chibwerereni kunkhondo, bambo ake sanagwirepo nsapato zake. Zikang'ambika ankapita nazo kwa wosoka wina kutsidya kwa msewu, iwo akuona. Kuchipatala nakonso sanapondeko.

Koma anaitana mdzukulu wawo namwino uja. "Phazi latsalalo ndi liti?"

"Lamanzere, agogo. Ndikayeze?"

"Ukayeze chiyani? Phazi limenelo ndinalidziwa iwe kulibe."

Maso atachita chidima, anasoka nsapato imodzi yachikopa chofewa, yopanda msoko m'kati kuti isamutupule. Kutumiza anakana. "Abwere adzayese yekha."

Mapazi anabwera ndi ndodo zake, n'kukhala pabenchi. Mkuluyo anagwada movutikira, anagwira chidendene, n'kulowetsa phazi. Inakwana. Akumanga zingwe, mutu uli pansi, anati, "Iyinso ndakubwereka."

Mapazi anadikira mawu ena omulandira, aja ankawadikira chibwerereni kunkhondo. Sanabwere.

"Jombo zija, bambo…"

"Taimirira tione."

Anaimirira. Mkuluyo anadina kuchala ndi chala chachikulu, n'kugwedeza mutu, n'kutembenukira kwa mayi wina amene anabwera ndi nsapato yoduka lamba.

Nsapato yake ija Mapazi amaivala tsiku lililonse. Pakhomo la tchalitchi amaivula.