Mbale Zofiira za Mlamu Wanga Chanpheng

Mlamu wanga Chanpheng, mng'ono wa malemu mkazi wanga, wakalambira pa kachipatala ka kwathu kuno kumapiri a Phayao, kutali kumpoto kwa Bangkok. Mukamufunsa amati ankagwira ntchito mu labotale. Sanama, koma ntchito yake inali kutsuka mbale. Ine sukulu ndinalekera panjira, iye anangoinunkhiza, ndiye musayembekezere mawu akuluakulu.

Mbalezo ndi zagalasi zophwatalala. Amapakamo magazi kapena makhololo a wodwala, n'kuziika mu kabati yofunda kuti tizilombo timere. Pakapita masiku awiri osamera chodziwika, ankazitula kuseri, kwa Chanpheng, kuti aziwiritse n'kutsuka. Tsono mlamu wangayu ulesi ndi wobadwa nawo. Mbale zinkagona pa shelefu yake yozizira sabata yathunthu, iye ali pakhomo kudya mpunga womata ndi tsabola.

Zaka zimenezo kachilombo kanali katalowa mudzi wonse. Anyamata ankabwera kuchokera ku Bangkok atatsala mafupa, ndipo amonke ankatentha maliro mpaka nkhuni kudula. Mwana wanga Bunyuen naye anabwera nako. M'nyengo ya mvula anayamba kutentha thupi, kutsokomola, ndipo kumaso kunatuluka tiziphuphu tokhala ndi kadzenje pakati ngati mchombo. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, poti aliyense wowonda ankamuuza zomwezo. Anamwa mankhwala ake milungu isanu ndi umodzi, akungotsika. Mwana ndinali ndi yekhayo.

Tsiku lina m'mawa ndikumupititsira phala kuchipatalako komwe anagonekedwa, ndinapeza Chanpheng atagwada pa kanyumba ka mizimu pafupi ndi geti. Anali ataikapo botolo la chakumwa chofiira, monga timachitira tonse, koma pambali pake panali mbale yagalasi.

“Mlamu, mizimu yayamba kudyera m'mbale za boma?” ndinamufunsa.

“Khalani chete, nkhalamba inu. Werengani dzinalo ngati maso akadalipo.”

Pa chivindikiro panalembedwa Bunyuen. Mkati munali chuku chobiriwira, ndipo kuzungulira chukucho mbale yonse inali itafiira ngati madzi otsukira nyama.

“Ikafiira chonchi ndiye kuti eni kanyumbaka amufuna,” anatero motsitsa mawu. “Amapempha chofiira. Ndimawapatsa chakumwachi kuti mwina amusiye.”

“Ndipo amamusiya?”

Anangowerama n'kuwongola botolo lija. Nthabwala zanga zinathera pomwepo.

Ndi pomwe anatulukira Dokotala Wilaiwan, mtsikana wowonda amene anali atangobwera kuchokera ku sukulu ya udokotala ku Chiang Mai. Ataona mbale ya mu labotale ili pabwalo anaimika njinga yake yamoto n'kubwera nkhope itamanga.

“Mayi, mukufuna kudwalitsa boma lonse? Wakulolani ndani kutulutsa zimenezi?”

Anaitola ndi kansalu kuti aibweze. Kenaka anaima. Anaiyang'anitsa padzuwa, n'kuitembenuza, n'kuiyang'ananso.

“Yakhala kuti mbaleyi?”

“Pa shelefu panga, adokotala. Ndimati nditsuka lero, zoona.”

“Masiku angati?”

“Atatu.”

“Asanu ndi atatu,” ndinatero ine. “Ndimamudziwa ameneyu.”

Dokotala sanaseke. Anatiuza kuti aphunzitsi ake anali atangoyamba kukamba za chuku china cha m'dothi la kuno, chimene chimalowa m'magazi a anthu amene kachilombo kawafooketsa. Chimanamiza ngati chifuwa chachikulu. Pofunda, monga m'thupi kapena mu kabati muja, chimamera mochedwa ndipo sichidzionetsa. Chimafiira pokhapokha chikakhala pozizira masiku angapo. M'chipatala chonsecho, malo otero anali shelefu ya mlesi.

“Munaonapo zina zofiira chonchi?”

“Chino n'chaka chachitatu ndikuziona.”

“Simunauze munthu?”

“Ndinawauza a mu labotale koyamba. Anati ndi uve wanga, chuku cha mvula, nditsuke msanga. Ndiye ndinkangouza mizimu.”

“Mukukumbukira za ndani?”

Chanpheng anayamba kutchula. Sanapunthwe ngakhale pamodzi. Inkaew wometa tsitsi. Mwana wa aphunzitsi a Somrit. Alongo awiri ogulitsa adyo pamsika. Duangta, amene ndinamunyamula ali khanda. Onsewo ndinadya nawo mpunga wa pamaliro pawo, ndikuuza anzanga kuti chifuwa chachikulu chaka chino chakwiya. Atafika pa dzina la khumi ndi chisanu ndi chinayi, dokotala anakhala pansi pa udzu, ndi malaya ake oyera omwe.

“Mankhwala ake alipo,” anatero, osayang'ana aliyense. “Akhala ali m'kabati ya mankhwala nthawi yonseyi.”

Chanpheng anagwira pakamwa. Zaka makumi anayi ndakhala ndikumuputa mayi ameneyu, koma tsiku limenelo ndinangomugwira phewa.

Masana omwewo dokotala anapala kamodzi mwa tiziphuphu ta Bunyuen, n'kukaika pa makina oonera tizilombo. Anandilola kusuzumira. Ndinaona timadontho tokhala ndi kamzere pakati, tambirimbiri, ngati mpunga wosweka. Anamuika diripi yachikasu imene inkamunjenjemeretsa mpaka bedi kulira. Ndinkaganiza kuti akumupha. Dokotala anati ndipirire milungu iwiri.

Tsiku la khumi thupi linazizira. La khumi ndi chiwiri anatsegula maso bwinobwino, n'kuona amayi ake aang'onowo atakhala kumiyendo, maso atatupa.

“Amayi aang'ono, mwathawanso ntchito?”

“Ndauzidwa kuti ndisamatsuke msanga,” anatero Chanpheng. “Ndi lamulo tsopano, analemba pa khoma.”

Bunyuen anafuna kuseka, chifuwa chinamukaniza. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti phala latopetsa, ndikamugulire soseji yootcha pamsika, ya tsabola wambiri. Ndinapita wothamanga, patapata mmodzi n'kutsala pa masitepe.