Dothi la pakhomo pa bana Chanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene pakamwa panga panatsala pang'ono kumuchotsa pa yunivesite mkulu wanga Veronika. Tinkakhala ku Chowa, kufupi ndi mgodi wakale wa ku Kabwe, m'nyumba imene atate anagula atapuma pa ntchito ya njanji. Kwathu maphunziro apamwamba tinkawadziwa atatu okha, unamwino, uphunzitsi ndi zamalamulo. Veronika anasankha za nthaka ndi chilengedwe, ndipo atate anavomera monyinyirika, poti sankaona ntchito imene munthu angaipeze pophunzira dothi.

Pa tchuthi cha chaka chake chachiwiri anabwera ndi timatumba tapulasitiki, supuni ndi cholembera chakuda. Aphunzitsi awo anawatuma kuti aliyense atape dothi la kumene amakhala kuti akaliyeze. Ine zimenezi sindinazidziwe chifukwa sindinafunse. Ndinangomuona m'mawa wina atagwada pakhomo pa aneba athu, bana Chanda, ndiko kuti amake Chanda, akupala dothi pamalo penipeni pamene anthu amaponda potuluka m'nyumba. Anali atapempha kwa amuna awo, amene anangovomera ali pa liwiro lokasaka ganyu, osawauza akazi awo.

Kumpopi ndinafuna kuti anzanga adziwe kuti kwathu kuli munthu wophunzira.

"Ba sisi banga bamatenga doti pa makomo ya bantu," ndinatero mokweza mawu. "Bamanga mu tumapulasitiki, balemba na mazina, basunga pansi pa bedi."

Azimayi amene anali pamzere anasiya kucheza. Ine, chitsiru, ndinayesa kuti akusirira.

Aliyense wokulira kuno amadziwa zimene anthu amaganiza munthu akatapa dothi la pamapazi a mnzake: amati akufuna kumulodza. Inenso ndinkadziwa, koma kudzitama kunandiiwalitsa. Dzuwa lisanafike pamutu, bana Chanda anali ataima pageti pathu, atabereka mwana wawo wamng'ono amene ankadwaladwala m'mimba chaka chonsecho.

"Bana Veronika, mwana wanu afuna chani pali ise?" anafunsa amayi athu. "Ni masukulu ya bwanji yotapa mapazi ya bantu?"

Amayi anapepesa mpaka mawu anawathera. Atate atamva, sanakalipe. Anamuitana Veronika pakhonde n'kumuuza motsitsa mawu, monga ankachitira akakwiya zenizeni.

"Pa Mande tiyenda tonse. Uchinje kosi, uchite ya utichala. Ukakana, uzankala pa nyumba."

Veronika anayesa kufotokoza, misozi ili mbwembwembwe, koma atate sanali munthu wobweza mawu. Katoni imene ankasungamo timatumba tija inagona m'khola la nkhuku masiku awiri. Ine chilango changa chinali choti ndiinyamule ndekha mpaka ku yunivesite, popeza ndine ndinailengeza.

Tinakwera minibasi yopita m'tauni, kenako ina yotuluka kunja kwa tauni. Katoni inali pamiyendo panga, ndipo Veronika sanandiyankhule njira yonse. Titafika ndinadabwa ndi bata la pamalopo ndi fungo la udzu wongotchetcha kumene. Pakhoma la ofesi panali mndandanda wa maphunziro, za ulimi, za madzi, za makompyuta, za migodi ndi zina zimene sindinathe kuzitchula, komanso zidziwitso za ophunzira amene ankatumizidwa kukaphunzira ntchito m'makampani. Atate anawerenga zonsezo ndi chala, pang'onopang'ono. A mu ofesimo anatipatsa fomu yosinthira kosi, koma anati iyenera kusainidwa ndi mkulu wa gawo limene Veronika ankachokamo.

Mkuluyo anali mayi wamfupi wovala khoti loyera, ndipo tinampeza m'chipinda choyezera zinthu. Anawerenga fomu ija n'kuiika patebulo.

"Nizasaina, ba tate," anatero. "Koma katoni yabwela kale. Lekani mwana asilize nchito yake, muoneko na imwe."

Veronika anatenga kachipangizo kooneka ngati choumitsira tsitsi ku saluni, n'kumakagunditsa pa kathumba kalikonse. Mayi uja anatiuza kuti kamaonetsa kuchuluka kwa mtovu, umene ku Kabwe timangouti ledi, chinthu chodwalitsa ana akachimeza ndi fumbi. Dothi la kudimba kwathu kuseri linadutsa popanda wonenapo kanthu. Atafika pa la pabwalo lathu lakutsogolo, mayi uja anawerama n'kuuza Veronika kuti ayezenso. La pakhomo pa bana Chanda linaonetsa chimodzimodzi.

"Pali chamene munatila pa malo yabili aya?" anafunsa.

Atate anatembenuza chipewa m'manja. Kenako anafotokoza kuti chaka china mvula itachuluka, iwo anatuta mchenga wakuda ku milu yakale ya kumgodi ndi wilibala kuti aphe matope pabwalo. Wotsala anawapatsa aneba, mwa chifundo chabe. Ndinakumbukira mwana wa bana Chanda akukwawa pakhomo paja, tizala tili m'kamwa.

Mayi uja sanawadzudzule. Atamva nkhani yonse, anati mwana wa anebayo apite naye kuchipatala akamuyeze magazi, mchengawo uchotsedwe, pathiridwe dothi lina, ndipo posesa aziyamba awaza madzi. Kwa Veronika anangoti ulendo wina azipempha kwa munthu amene amasesa pabwalopo, osati wongodutsapo.

Atate anatenga fomu ija, anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la jekete isanasainidwe. Titafika kunyumba sanalowe n'komwe. Anatenga fosholo ndi wilibala, anapita kwa aneba, anavula chipewa anthu a mumsewu wathu akuona.

"Bana Chanda, mwana wanga alibe mulandu. Muchenga uja wakuda ninakupasani ndine. Ndiye wamene tifunika kuchosa."

Bana Chanda anawayang'ana, nayang'ananso fosholo ija. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu lawo.

Veronika anamaliza maphunziro ake, ndipo mpaka lero ntchito yake ndi yoyeza madzi ndi nthaka. Ine manyazi a tsiku lija sanandichoke msanga, ndipo anandiphunzitsa kufunsa ndisanalengeze chinthu chimene sindikuchimvetsa. Koma chimene chimandikhudza kwambiri tsopano ndi atate. Kwa Veronika sananene mawu alionse opepesa, ndipo kwa zaka zambiri ndinkawaona ngati ouma mtima. Anakumba masiku atatu pakhomo pa eni, munthu wamkulu, anthu akuloza, kuti dzina la mwana wawo liyere ndipo abwerere m'kalasi. Panthawiyo ndinkangoona matuza m'manja mwawo. Zoti kumeneko kunali kupepesa ndazimvetsa nditakula, iwo atapita kale.